Trish Stratus: Kuchokera pa Zithunzi za M'magazini Kufika pa Lamba wa WWE

Trish Stratus, yemwe dzina lake lenileni ndi Patricia Anne Stratigeas, ndi mayi wa m'dziko la Canada yemwe adatchuka pa masewera ogwetsana a pa kanema, omwe ambiri kuno ku Mozambique amawatchula kuti luta livre. Adabadwa pa 18 Disembala 1975. Asanalowe m'masewerawa ankagwira ntchito yojambulitsa zithunzi za m'magazini a zolimbitsa thupi. Kampani ya WWF, yomwe lero ndi WWE, idamulemba ntchito kumapeto kwa chaka cha 1999 itakopeka ndi maonekedwe ake, pa nthawi yomwe amayi ambiri m'kampaniyi ankangolembedwa kuti azikongoletsa pulogalamu. Pomwe ankapuma mu 2006 n'kuti atatenga lamba wa amayi maulendo 7. Dzina lake limatchulidwa kawirikawiri anthu akamafotokoza momwe amayi adapezera malo ndi ulemu m'masewerawa.

Ubwana ndi maphunziro

Trish adakulira ku Richmond Hill, tawuni yomwe ili kumpoto kwa mzinda wa Toronto, m'chigawo cha Ontario. Kuchimuna kwawo ndi ochokera ku Greece, ndipo kuchikazi ndi ochokera ku Poland. Iye ndi woyamba kubadwa m'banja la ana aakazi atatu. Ali mwana ankakonda kuonera masewera ogwetsana pa kanema, zomwe sizinali zachilendo ku Toronto, mzinda womwe masewerawa adazika mizu kalekale.

Atamaliza sekondale adapita ku York University komwe ankaphunzira sayansi ya zamoyo komanso ya kayendedwe ka thupi la munthu. Cholinga chake chinali chodzakhala dokotala. Pa sukulupo ankasewera mpira wamiyendo ndi hockey. Mu 1997 aphunzitsi a pa yunivesiteyi adanyanyala ntchito kwa milungu ingapo, maphunziro n'kuima. Trish adapeza ganyu yolandira alendo pa jimu ina ya m'deralo, ndipo njira ya moyo wake idakhotera pomwepo.

Ntchito yojambulitsa zithunzi

Ali pa jimupo adakumana ndi Robert Kennedy, mwini magazini ya MuscleMag International, yemwe adamupempha kuti ayeseko kujambulitsa. Zithunzizo zidakomera eni magazini, ndipo mu 1998 nkhope yake idayamba kutuluka pa zikuto za magazini a zolimbitsa thupi ku Canada ndi ku America.

Ntchitoyi imasiyana ndi ya anthu oonetsa zovala. Wojambulitsa wa zolimbitsa thupi amagulitsa maonekedwe a thupi lomwe walisula yekha ponyamula zitsulo, kuthamanga ndi kusankha zakudya. Amafunika kuoneka wamphamvu koma wopanda mafuta ambiri, ndipo tsiku lojambula likayandikira amachepetsa chakudya kuti minofu ionekere. Ndalama zimachokera ku magazini komanso ku makampani ogulitsa zovala ndi zakudya za ochita masewera. Ntchitoyi siikhalitsa, chifukwa chaka chilichonse kumabwera nkhope zatsopano.

Pa nthawi yomweyo Trish ankathandiza kuulutsa pulogalamu ya masewera ogwetsana yotchedwa Live Audio Wrestling pa wailesi ina ya zamasewera ku Toronto. Zithunzi zake ndi chidwi chake pa masewerawa zidafika m'makutu a akuluakulu a WWF, omwe adasayinirana naye mgwirizano mu Novembala 1999. Maphunziro ake oyamba a m'bwalo adachitira ku Sully's Gym mumzinda wa Toronto, pansi pa mphunzitsi Ron Hutchison, yemwenso adaphunzitsa Edge ndi Christian.

Momwe masewerawa amayendera

Kuti ntchito ya Trish imveke bwino, m'pofunika kudziwa kuti masewera a WWE sali ngati nkhonya kapena judo. Wopambana amadziwika kale masewero asanayambe. Kampani ili ndi anthu olemba nkhani, omwe amakonza kuti uyu akhale wabwino, uyu akhale woipa, awa adane, awa akondane. Mu 1989 kampaniyi idavomera poyera pamaso pa aphungu a ku New Jersey, ku America, kuti zomwe imachita ndi zosangalatsa anthu osati mpikisano weniweni.

Komabe kugwa kwake ndi kwenikweni. Bwalo la WWE ndi la mamita pafupifupi 6 mbali iliyonse. Pansi pake pali zitsulo ndi matabwa, pamwamba pa matabwawo pali kasiponji kopyapyala ndi nsalu yolimba, ndipo m'mbali mwake muli zingwe zitatu. Chinthu choyamba chomwe wophunzira amaphunzitsidwa ndi kugwa chagada, atatambasula manja ndi kuweramitsa mutu kuti nkhongo isamenye pansi. Omenyana awiriwo amathandizana: wonyamulidwa amadumpha kuti apepuke, ndipo wonyamula amaonetsetsa kuti mnzake watera bwino. Mmodzi akalakwitsa, wovulala ndi mnzake.

Masewero amatha wina akapanikiza mapewa a mnzake pansi mpaka woyimbira awerenge katatu, kapena wina akagonja pomenya pansi ndi dzanja chifukwa cha ululu. Popeza wopambana amasankhidwa ndi kampani, lamba amapatsidwa kwa munthu yemwe akuluakulu akukhulupirira kuti akopa anthu, ateteza anzake m'bwalo, ndipo apirira maulendo a sabata ndi sabata. Choncho kutenga lamba maulendo 7 ndi umboni wa chikhulupiriro chomwe kampani ndi oonera anali nacho pa Trish.

Chaka choyamba mu WWF

Trish adaonekera koyamba pa kanema pa 19 Malichi 2000, mu pulogalamu ya Sunday Night Heat. Adapatsidwa mbali ya mkazi woipa mtima yemwe amayang'anira amuna awiri, Test ndi Albert, pansi pa dzina loti T & A. Ntchito yake inali yoima kunja kwa bwalo, kusokoneza woyimbira ndi kukwiyitsa oonera. Pa chionetsero cha Backlash mu Epulo chaka chomwecho, Bubba Ray Dudley adamunyamula n'kumuphwanyitsa tebulo, ndipo kuvomera kwake kuchita zoopsa chotero kudapangitsa anzake a ntchito kuyamba kumuona mwa mtundu wina.

Mu Juni 2000 adamenya masewero ake oyamba a pa kanema, ali ndi Test ndi Albert, polimbana ndi Matt Hardy, Jeff Hardy ndi Lita. Apa ndiye padayambira mkangano wa Trish ndi Lita, womwe udatenga zaka 6. Luso lake pa nthawiyo linali lochepa, ndipo ambiri ankamuona ngati mmodzi mwa akazi okongola omwe amabwera n'kupita.

Nkhani ya Vince McMahon mu 2001

Kumayambiriro kwa 2001 olemba nkhani adamuika m'sewero loti ndi chibwenzi cha Vince McMahon, mwini kampaniyo, pomwe mkazi wa McMahon, Linda, ankaonetsedwa ngati wodwala wokhala pa njinga ya olumala. Mu Febuluwale Trish adamenyana ndi Stephanie McMahon, mwana wa mwini kampaniyo, pa chionetsero cha No Way Out. Pambuyo pake seweroli lidafika poipa. Mu pulogalamu ya Raw ya pa 5 Malichi 2001, McMahon adamulamula pamaso pa khamu la anthu kuti agwade, auwe ngati galu, ndi kuvula zovala zakunja. Gawo limeneli lidadzudzulidwa kwambiri, ndipo mpaka lero limatchulidwa ngati chitsanzo cha momwe kampaniyi inkanyozera amayi m'zaka zimenezo.

Seweroli lidathera pa WrestleMania X-Seven, pa 1 Epulo 2001 mumzinda wa Houston, pomwe Trish adamenya McMahon khofi ali mkati molimbana ndi mwana wake Shane. Kuchokera tsikulo oonera adayamba kumuchemerera. Ngakhale zinali choncho, masewero omwe amayi ankapatsidwa anali ochititsa manyazi. Pa chionetsero cha Invasion mu Julayi, Trish ndi Lita adakumana ndi Torrie Wilson ndi Stacy Keibler m'masewero omwe wopambana anali wovula mnzake zovala zakunja.

Posakhalitsa adavulala pa kakolo, ndipo adakhala miyezi pafupifupi itatu osamenya. M'nthawiyi ankathandiza kuulutsa pulogalamu ya Excess, uku akukonzekera kubwerera.

Kuphunzira ntchito ndi lamba woyamba

Chakumapeto kwa 2001 kampani idapatsa Fit Finlay, katswiri wa ku Northern Ireland, udindo wophunzitsa amayi ndi kukonza masewero awo. Finlay ankafuna kuti amayi azimenya mofanana ndi amuna. Trish ankafika msanga pa bwalo anthu asanalowe kuti ayeserere naye, ndipo iye mwini wakhala akuyamikira Finlay poyera kuti ndiye adamusandutsa womenya weniweni.

Pa 18 Novembala 2001, pa chionetsero cha Survivor Series, padali masewero a amayi 6 olimbirana lamba yemwe adatsala wopanda mwini Chyna atachoka pa kampaniyo. Trish adapambana Ivory, Jazz, Jacqueline, Lita ndi Molly Holly. Ambiri adadabwa, chifukwa anzakewo anali ndi zaka zambiri m'masewerawa kuposa iye. Zomwe zidatsatira ndi zomwe zidatseka pakamwa okayika. Jazz, yemwe ankamenya mwankhanza, adamulanda lambayo mu Febuluwale 2002, ndipo Trish adalephera kumubweza pa WrestleMania X8 yomwe idachitikira kwawo ku Toronto pa 17 Malichi. Koma masewero ake ndi Jazz, Molly Holly ndi Victoria adaonetsa kuti luso lake likukula mwezi ndi mwezi.

Chaka chomwecho, mu Meyi, kampani idasintha dzina kukhala WWE itagonja pa mlandu ndi bungwe loteteza zachilengedwe la World Wide Fund for Nature, lomwenso limagwiritsa ntchito zilembo za WWF. M'mwezi womwewo Trish adagwirako kwa mphindi zochepa lamba wa Hardcore, yemwe nthawi zambiri ankalimbirana amuna, atagonjetsa Crash Holly. Mu Novembala 2002, ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, adamenyana ndi Victoria m'masewero ololeza zida monga zivundikiro za migolo ya zinyalala ndi ndodo. Adagonja, koma masewerowo adaonetsa kuti anthu atha kuonera amayi chifukwa cha nkhondo yawo. Mu Januwale 2003, pa mwambo wokumbukira zaka 10 za pulogalamu ya Raw, adapatsidwa mphoto ya mkazi wopambana wa zaka khumizo.

Maulendo 7 omwe adatenga lamba wa amayi

Woyamba: 18 Novembala 2001, pa Survivor Series, m'masewero a amayi 6.

Wachiwiri: 13 Meyi 2002, pa Raw, atagonjetsa Jazz.

Wachitatu: Seputembala 2002, pa Unforgiven, atagonjetsa Molly Holly, yemwe adamulanda lambayo mu Juni.

Wachinayi: 30 Malichi 2003, pa WrestleMania XIX mumzinda wa Seattle, atagonjetsa Victoria ndi Jazz.

Wachisanu: 13 Juni 2004, pa Bad Blood, atagonjetsa Victoria, Lita ndi Gail Kim.

Wachisanu ndi chimodzi: 9 Januwale 2005, pa New Year's Revolution ku Puerto Rico, atagonjetsa Lita.

Wachisanu ndi chiwiri: 17 Seputembala 2006, pa Unforgiven mumzinda wa Toronto, atagonjetsanso Lita.

Kubwerera ku mbali ya woipa ndi usiku wa pa 6 Disembala 2004

Kumapeto kwa 2003 Trish adaikidwa m'sewero la chikondi ndi Chris Jericho, momwe zidaululika kuti Jericho ndi Christian adabetcherana kandalama kochepa kuti aone yemwe ayambe kukopa mkazi. Pa WrestleMania XX, pa 14 Malichi 2004 ku New York, Trish adatembenukira Jericho n'kupita mbali ya Christian. Kuyambira pamenepo adasewera mbali ya mkazi wonyada ndi wamwano, ndipo otsata masewerawa ambiri amati iyi ndiyo nthawi yomwe luso lake lolankhula lidafika pachimake. M'sewero lina la chaka chomwecho ankanyoza Lita, yemwe ankaonetsedwa ngati wapita padera, zomwe zidachititsa oonera kulakalaka tsiku lomwe Lita adzabwezere.

Tsikulo lidafika pa 6 Disembala 2004 mumzinda wa Charlotte. Masewero a Trish ndi Lita ndiwo adatsekera pulogalamu ya Raw, malo omwe amasungidwira masewero aakulu kwambiri a usikuwo. M'chaka cha 2000 Lita ndi Stephanie McMahon adatsekerapo Raw, koma nthawi imeneyo woyimbira anali The Rock ndipo amuna ena adalowerera. Mu 2004 amayi awiriwo adasiyidwa okha. Mkati mwa masewerowo Lita adadumphira kunja kwa bwalo n'kutera chamutu, thupi lake n'kupindikira kumbuyo. Zidaopsa anthu chifukwa mu 2002 iye adathyokapo khosi pojambula filimu ya pa kanema. Adadzuka, napitiriza, natenga lambayo.

Patangotha mwezi umodzi, awiriwa adakumananso ku Puerto Rico, komwe Lita adaduka mtsempha wa bondo masewero ali mkati. Masewerowo adafupikitsidwa ndipo lamba adabwerera kwa Trish. Kunja kwa kanema awiriwa ndi mabwenzi apamtima.

Masiku 448, Mickie James ndi kupuma

Ulendo wachisanu ndi chimodzi Trish adasunga lamba masiku 448. Pa WrestleMania 21 adagonjetsa Christy Hemme. Mu Meyi 2005 adasiya kumenya chifukwa cha vuto la msana: kanyama kofewa komwe kamakhala pakati pa mafupa a msana kadatuluka m'malo mwake. Adabwerera mu Seputembala, ndipo iye amati masewera a yoga ndiwo adamuthandiza kuchira.

Mu Okutobala 2005 kudabwera Mickie James, yemwe adasewera mbali ya mtsikana wokonda Trish mopitirira muyeso, womutsatira paliponse ndi kuvala ngati iye. Nkhaniyi idalukidwa pang'onopang'ono kwa miyezi 6, chinthu chomwe sichinkachitika kawirikawiri pa nkhani za amayi. Idafika pa WrestleMania 22, pa 2 Epulo 2006 kufupi ndi mzinda wa Chicago, komwe oonera ambiri adachemerera Mickie ngakhale ndiye anali woipa. Mickie adatenga lambayo. Pa masewero obwereza kumapeto kwa mweziwo, Trish adagwera kunja kwa bwalo n'kuguluka phewa.

Ali ndi zaka 30 adaganiza zopuma. Masewero ake otsanzikira adachitika pa 17 Seputembala 2006 ku Air Canada Centre mumzinda wa Toronto. Adagonjetsa Lita pogwiritsa ntchito njira yopinda miyendo ndi msana yotchedwa Sharpshooter, yomwe idatchuka ndi Bret Hart, ngwazi ya ku Canada. Adachoka lamba ali m'manja, zomwe sizichitika kawirikawiri, poti mwambo wa masewerawa ndi woti wochoka agonje kuti akweze wotsala. Patatha milungu iwiri adakwatiwa ndi mwamuna yemwe adadziwana naye ali ku sekondale, ndipo ali ndi ana awiri. Lita naye adapuma mu Novembala chaka chomwecho.

Moyo kunja kwa bwalo

Mu 2007 Trish adaonekera mu pulogalamu ya pa kanema ya Armed & Famous, momwe anthu otchuka ankaphunzira ntchito ya upolisi mumzinda wa Muncie, ku Indiana. Mu 2008 adatsegula malo ophunzitsira yoga otchedwa Stratusphere ku Vaughan, pafupi ndi Toronto, ndipo adayambanso pulogalamu ya pa kanema yoyendera mayiko. Adasewera mu filimu ya Bounty Hunters ya 2011, ndipo chaka chomwecho adali mmodzi mwa aphunzitsi mu pulogalamu ya Tough Enough, yosaka achinyamata ofuna kulowa WWE. Kuyambira 2022 adakhalapo woweruza mu mpikisano wa maluso wa Canada's Got Talent.

Mu Epulo 2013, ali ndi zaka 37, WWE idamulowetsa m'kaundula wa ngwazi zake wotchedwa Hall of Fame, pa mwambo womwe udachitikira ku Madison Square Garden. Yemwe adamulandira pa mwambowo ndi Stephanie McMahon, ndipo Trish adalengeza pomwepo kuti ndi woyembekezera. Chaka chotsatira iye ndiye adalandira Lita m'kaundula yemweyo.

Kubwerera m'bwalo

Kupuma kwake sikudakhale kotheratu. Mu Disembala 2008 adamenya limodzi ndi John Cena ku Toronto, ndipo mu Epulo 2011 adaonekera pa WrestleMania XXVII mumzinda wa Atlanta. Pa 28 Januwale 2018, ku Philadelphia, WWE idachititsa koyamba Royal Rumble ya amayi, masewero a anthu 30 omwe amalowa mmodzimmodzi n'kumatulutsana podutsa pamwamba pa chingwe. Trish adalowa womaliza, ndipo adatulutsa Mickie James pakati pa ena. Wopambana adali Asuka wa ku Japan. Mu Okutobala chaka chomwecho kudachitika Evolution, chionetsero choyamba cha WWE cha amayi okhaokha, komwe Trish ndi Lita adagonjetsa Mickie James ndi Alicia Fox. Pa SummerSlam ya pa 11 Ogasiti 2019 ku Toronto adagonja kwa Charlotte Flair.

Mu 2023 adabwerera kwa nthawi yotalikirapo. Pa WrestleMania 39, iye, Lita ndi Becky Lynch adagonjetsa Bayley, Dakota Kai ndi Iyo Sky. Patatha masiku ochepa adatembenukira Becky Lynch, ndipo m'seweroli ankadandaula kuti amayi a lero sakumuthokoza pa njira yomwe adawalambulira. Adagonjetsa Lynch mu Meyi mumzinda wa Jeddah, ku Saudi Arabia, mothandizidwa ndi Zoey Stark. Mu Julayi adalowa nawo masewero a makwerero a Money in the Bank ku London. Mkanganowo udathera m'khola lachitsulo pa 2 Seputembala ku Pittsburgh, komwe Lynch adapambana. Trish anali ndi zaka 47, ndipo masewerowo adayamikiridwa ngati amodzi mwa abwino kwambiri pa ntchito yake yonse.

Mu 2025, chaka chomwe adakwanitsa zaka 25 chiyambireni kuonekera mu kampaniyi, adalowanso Royal Rumble. Pa 1 Malichi, iye ndi Tiffany Stratton adagonjetsa Nia Jax ndi Candice LeRae ku Toronto. Mu Julayi adalimbirana lamba ndi Stratton pa chionetsero chachiwiri cha Evolution ku Atlanta, koma sadapambane.

Njira zake zomenyera

Womenya aliyense amakhala ndi njira zomwe amadziwika nazo. Yomalizira masewero ya Trish inkatchedwa Stratusfaction: ankagwira mutu wa mnzake m'khwapa, kuthamangira ku zingwe, kuponda chingwe ndi mapazi, kenako n'kutembenuka kugwetsa mnzakeyo chafufumimba. Chick Kick kunali kumenya theche lozungulira lofika kumutu. Pa Stratusphere ankaima ndi manja, kukola khosi la mnzake yemwe wakhala pa ngodya ya bwalo ndi miyendo, n'kumugwetsera pansi. Pa Matrish ankapindikira chagada mpaka manja kufika pansi pozemba nkhonya, potengera filimu ya The Matrix.

Zomwe ntchito yake idasintha

Trish sadali mkazi woyamba waluso m'masewerawa. Asanabwere kudali The Fabulous Moolah, Wendi Richter, Alundra Blayze ndi Bull Nakano, ndipo ku Japan amayi ankamenya masewero apamwamba kwa zaka zambiri. Jazz, Jacqueline, Ivory ndi Molly Holly, omwe ankamudziwa bwino ntchito kuposa iye pomwe ankayamba, adathandiza kwambiri kuti masewero ake aoneke bwino. Chomwe chimasiyanitsa Trish n'chakuti adalowa pa khomo la maonekedwe, khomo lomwe kampani inkalowetsera akazi oti angojambulidwa, koma iye adasankha kuphunzira ntchito yeniyeniyo. Adakananso kujambulitsa ali maliseche m'magazini ya Playboy, zomwe akazi ena a WWE ankachita m'zaka zimenezo.

Kusinthako sikudakhazikike msanga. Iye ndi Lita atachoka, masewero a amayi adafupikanso, ena n'kumangotenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Mu Febuluwale 2015 oonera adadandaula mwamphamvu pa Twitter pambuyo pa masewero a amayi omwe adatha pasanathe mphindi imodzi. Mu 2016, pa WrestleMania 32, kampani idasiya kutchula amayi kuti Divas n'kuyamba kuwatchula dzina lomwelo lomwe imatchulira amuna. Mu 2019 Becky Lynch, Ronda Rousey ndi Charlotte Flair adakhala amayi oyamba kutsekera WrestleMania. Mu 2021 WWE idatulutsa mndandanda wa amayi 50 opambana m'mbiri yake yaposachedwa, ndipo Trish adaikidwa pa nambala 1.

Ena omwe adadutsa njira yofanana ndi yake ndi Torrie Wilson, yemwe adapambana mpikisano wa Miss Galaxy mu 1998 asanalowe kampani ya WCW. Victoria, yemwe ankapikisana pa zolimbitsa thupi asanatenge lamba wa amayi kawiri. Komanso Alexa Bliss, Dana Brooke ndi Mandy Rose. A m'badwo watsopanowa adapeza sukulu yokonzeka, poti kuyambira 2013 WWE ili ndi malo ophunzitsira otchedwa Performance Center mumzinda wa Orlando, komwe wophunzira amatha miyezi kapena zaka asanaonekere pa kanema. Trish adaphunzira mbali yaikulu ya ntchito yake anthu mamiliyoni akumuonera.

M'mayiko a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique, masewera a WWE adayamba kuonetsedwa pa SuperSport kudzera pa DStv mu 2017, ndipo ana ambiri amawakonda. Kampaniyi payokha imachenjeza oonera kuti asayesere zomwe akuona kunyumba kapena ku sukulu. Mndandanda wa zovulala za Trish, yemwe anali ndi aphunzitsi, madokotala ndi bwalo lokonzedwa bwino, ukuonetsa chifukwa chake: kakolo mu 2001, dzanja lothyoka mu 2004, msana mu 2005 ndi phewa mu 2006.